Paipi Siyesedwa Valavu Ili Yotseka

Munali mu 2023, ndili ndi zaka 71. Nkhaniyi sindiikonda, koma anthu a ku Kawale akuifotokoza mokhota, ndiye bola ndiinene ndekha.

Ndagwira ntchito ya mapaipi zaka makumi anayi. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma palibe nyumba imene ndinalumikiza madzi n'kudontha. N'chifukwa chake a bungwe lathu la maliro, la ife ochokera ku Ntcheu, anandisankha kukhala wapampando. Ankadziwa kuti sindivomera chinthu ndisanachiyese.

Chaka chimenecho kunabwera nzeru yoti mauthenga a maliro tiziwaika pa tsamba la pa intaneti. Tsambalo analikonza ndi Tiyamike, mwana wa mng'ono wanga, amene anaphunzira za makompyuta. Panatsala chida china chimene ankafuna kuti komiti ichivomereze. Komiti inati apampando achiyese kaye, adzapereke lipoti Loweruka. Ndinavomera.

Tiyamike anabwera Lachiwiri chakumasana ndi laputopu yake. Anayamba ndi Chingerezi chambiri. Ndinamudula.

"Lankhula zomveka, mwana iwe."

"Chabwino, Bambo aakulu. Uku kumene alembi azilemba uthenga, tinene kuti ndi thanki. Tsamba limene anthu amawerenga pa foni, tinene kuti ndi mpopi. Chida ichi ndi paipi yotenga za mu thanki kupititsa ku mpopi."

"Ukanayambira pomwepo. Nanga kabatani aka?"

"Akako ndi valavu. Panopa ndi yotseka, zimene mulembe tiziona awirife basi. Musaikhudze."

Anandiuza kuti ndilembe uthenga woyeserera, dzina lililonse. Apa ndinaganiza bwino (mpaka lero ndimati ndinaganiza bwino). Kulemba dzina la mnzako wamoyo pa uthenga wa maliro ndi kumulodza. Kupeka dzina ndi bodza, ndipo ine sindinama. Choncho ndinalemba langa. Ndi chala chimodzi ndinalemba zonse monga timalembera: dzina, mudzi wa kwathu, kuti maliro ali kunyumba ku Kawale, kuti thupi linyamuka mawa kupita ku Ntcheu. Ndinawonjezera kuti malemuwa anali munthu wolungama pa ntchito yake. (Sindinaone chifukwa chobisira.)

Tiyamike anaseka. Uthenga unaoneka mbali ina ya laputopu, iye n'kuti, "Mwaona? Chikugwira ntchito." Kenaka foni yake inalira, abwana ake akumufuna ku Area 18.

"Ndibwera cha m'ma 4 koloko. Muziyang'anayang'ana, koma valavu ija ayi."

Ndinatsala ndekha ndi chinthucho. Tsono ndikufunseni inu owerenga: ndani anayesapo paipi valavu ili yotseka? Paipi iliyonse imaoneka yabwino mukakhala mulibe madzi. Kudontha kumadziwika madzi akalowa ndi mphamvu. Ndikanakaima bwanji pamaso pa komiti n'kunena kuti ndayesa, madzi ndisanatsegule?

Ndinadina. Kabatani kaja kanasanduka kobiriwira. Ndinatchera khutu. Zii. Palibe chinadontha, palibe chinaphulika. Ndinatseka laputopu, n'kuzimitsa foni yanga monga ndimachitira masana, n'kukagona pamphasa kuchipinda.

Chinandidzutsa ndi nyimbo. Inali ya maliro, yoimbidwa bwino ndithu, ndipo pafupi. Ndili chigonere ndinadzifunsa kuti wamwalira ndani m'dera muno wapampando osauzidwa. Ndinakwiya pang'ono. Kenaka chitseko chinatseguka, n'kulowa amayi awiri a kutchalitchi kwathu, nsalu ili m'manja. Ndinakhala tsonga n'kuwafunsa kuti, "Kwagwanji?" Mmodzi anatulukira pakhomo. Winayo sindinaone kuti anatulukira pati, koma zenera linapezeka lilibe galasi.

Nditatuluka ndinapeza mipando ya pabalaza ataitulutsa kale. Nkhuni zinali zitatsitsidwa. Amuna ena anali kukhoma tenti pa bedi langa la mpiru. Wachiwiri wanga, a Kachingwe, anali pakati akugawa ntchito ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, mawu a wapampando. Atandiona anavula chipewa, kenaka n'kuchivalanso.

"Apampando, si inu mwatisiya?"

"Ndakusiyani ndapita kuti?"

"Zili pa tsamba. Dzina, mudzi, zonse. Mpaka za kulungama."

"Kunali kuyesa."

"Ndiye mukanalemba kuti mwamwalira moyeserera."

Mayi a kunyumba, Nangozo, anali kumsika kumene amagulitsa tomato. Uthengawo anawawerengera ndi mayi wa benchi loyandikana nalo. Anafika pa kabaza, maso ali ofiira, phazi limodzi lilibe nsapato. Anthu anawapatukira. Anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine ndinayembekezera misozi ya chimwemwe (zaka 46 za banja si masewera).

"Mwadya?" anandifunsa.

"Ayi."

"Akufa sadya."

Anandilambalala n'kulowa m'nyumba.

Tiyamike anafika thukuta lili kamukamu, n'kuchotsa uthengawo ali chiimire.

"Bambo aakulu, ndinati musaikhudze."

"Unati ndi valavu. Ukanati ndi chinthu china, sindikanachikhudza."

Anatseka laputopu yake. Nthawi imeneyo n'kuti abale a ku Ntcheu atadzaza minibasi, atadutsa kale pa Dedza. Titawaimbira anati munthu sabwerera panjira ya maliro. Anafika, anandipenya, ena anandigwiragwira mkono, ndipo anakhala masiku atatu.

Loweruka ndinavala jekete n'kupita ku msonkhano. Lipoti ndinalipereka nditaimirira.

"Chidachi n'chabwino. Sichidontha. Ndinatsegula 1 koloko, ndipo oyandikana nane akuti wolira woyamba anafika pakhomo ola lisanathe. Kale uthenga unkatenga tsiku lonse. Chivomerezeni."

Anachivomereza onse. Kenaka a Kachingwe anatsokomola n'kunena kuti mwina apampando apume, poti mwambo wa maliro awo tinauyamba kale. Manja anakwera. Ndinawawerenga limodzilimodzi. La mng'ono wanga linali pomwepo, ngakhale analikweza mpaka pakhutu pokha.

Ena amati ndiphunzirepo kumvera ana. Ine ndimati ndinapatsidwa paipi kuti ndiiyese, ndipo ndinaiyesa. Chidacho akuchigwiritsa ntchito mpaka lero, koma valavu ija Tiyamike anaiikira loko wa manambala, ndipo manambalawo sanandipatse.

Zotayika ndi izi: galasi limodzi la zenera, bedi limodzi la mpiru, nkhuku zinayi zimene anadya a ku Ntcheu, beseni la tomato limene linatsala kumsika, nsapato imodzi, masiku asanu ndi anayi amene Nangozo sanandilankhule, mpando wa bungwe, ndi dzina langa. Ku Kawale konse, ngakhale makondakitala a minibasi, amanditchula kuti a Malemu.