Bondo la a Tembo ndi Udokotala wa Tadala

Uthengawo unandipeza ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba ku Rockingham, ndipo ndikadadziwa, ndikadangopitiriza kuyanika. Mdzukulu wanga Tadala anatuluka foni ili m'manja, akuti agogo, ku yunivesite ya ku Bentley andivomera, ndine dokotala. Ine nthungululu, mpaka galu wa aneba anandiyankha.

Kuno kudziko la azungu ndinabwera kudzangoona ana, korona n'kutseka malire, ine n'kutsala. Masiku onsewo mwanayu ndinkangomuona ali chiweramire pa mabuku. Ndiye ndinafunsa kuti udokotala wa chiyani. Anati wa za moyo, za chilankhulo, ndi za mphamvu ya munthu wamba pamaso pa boma. Ine ndinagwira loyambalo, enawo anadutsa (sukulu yanga inathera pa a, e, i, o, u, ndipo u ndinamudziwa nditakwatiwa kale).

Lamulungu kutchalitchi ndinapempha mpata. Ndinaimba: Tadala wanga dokotala wa moyo, wa moyo, bwerani Loweruka, kwathu kulibe mzere. Amayi a mpingo anavomera bwino kwambiri.

Loweruka anthu anabweradi. Mayi Tembo a ku Chipata anakoka amuna awo, amene bondo linawatupa kuyambira Isitala. Bambowo anakhala pa sofa, anapinda buluku, bondo pa tebulo pafupi ndi keke. Tadala anayang'ana bondo, anayang'ana ine.

"Agogo, anthuwa mwawauza chiyani?"

"Zimene unandiuza iwe."

Tadala anawafotokozera alendowo mwaulemu kuti iye amawerenga mabuku a anthu oganiza a ku Ulaya, n'kumafunsa kuti boma likamati moyo wa uyu usungidwe, wa uyu udikire panja, wodikirayo mawu ake amapita kuti. A Tembo anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu.

"Ndamva, mwana wanga. Nanga bondoli?"

Tadala anawatengera kuchipatala pa galimoto. Pobwera anandilonjezetsa kuti ndikakonze ndekha pamene ndinalakwitsira, apo ayi kutchalitchi sapondakonso. Ndinakakonza. Ndinaima pomwe paja n'kuimba kuti Tadala si wa thupi ayi, ndi wa maganizo, wa maganizo. Tsopano akumuimbira foni anthu amene mabanja awo akugwedezeka. Mwiniwakeyo sakundilankhula kwenikweni.

Koma Loweruka lija anabwera, anthu anabwera. A Tembo ndi bondo lawo, Mayi Tembo, a Nachisale ndi msana, a Gondwe ndi shuga, Mayi Lungu ndi khutu lolira, Chikondi ndi mapasa achimfine, abusa ndi amayi busa (abusawo ankati angobwera kudzadalitsa, koma ndinawaona akumasula batani la mkono wa malaya kuti awapime).