Tsiku Limene Ndinamata Apongozi Anga

Ndinali pa debe lachitatu la mpunga, munsi ukukwera ndi kutsika, thukuta likulowa m'maso, osadziwa kuti ndikusinjira manyazi aakulu a moyo wanga. Nkhaniyi ndakhala nayo chete zaka zambiri. Lero ndiilemba ndekha, chifukwa anthu a kuno ku Iponga akamaifotokoza amawonjezera mchere, mpaka ena amati panabwera apolisi. Apolisi panalibe. Zina zonsezo n'zoona.

Mpungawo unali wa Mayi Chikopa, nesi wochokera ku Zomba amene ankagwira ntchito pa kachipatala kathu. M'nyumba mwawo ndinaona tebulo la maluwa ofiira, lonyezimira, loti ukatayirapo tiyi umangopukuta. Ndinkayesa n'latsopano. Iwo anaseka.

"Ndi lakalekale ili, NyaMsiska. Ndangomatapo pepala la pulasitiki. Limabwera ndi guluu wake kunsi."

Anali ndi mpukutu wotsala. Tinagwirizana kuti ndiwasinjire madebe atatu, iwo andipatse mpukutuwo.

"Muyambe mwapukuta tebulo," anatero pondipatsa. "Posenda muzisenda pang'onopang'ono, kenako..."

"Ndamva, ndamva," ndinatero ndili kale panja. Ine munthu akangoti "kenako" makutu anga amatseka okha.

Changu chonsechi chinali ndi chifukwa. Mawa lake linali tsiku la mayeso a sukulu ya kwacha, kumene ife akuluakulu tinkaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Ofesala wa mayeso ankabwera kuchokera ku Boma kamodzi kokha pachaka, pa njinga yamoto. Chaka chapitacho ndinati ndimalize kaye kumweta ndime imodzi ya mpunga, ndipo nditafika ku tchalitchi kumene tinkaphunzirira ndinangopeza fumbi la njingayo. Anzanga analandira masetifiketi, ine ndinabwereza kalasi. Chaka chino ndinalumbira kuti teni koloko indipeza nditakhala pa benchi, pensulo ili m'manja.

Komanso aphunzitsi athu, a Mhango, anali atanena kuti mayeso akatha ofesala adzadya kwathu, poti nyumba yanga ndiyo yoyandikana ndi tchalitchi. Tebulo langa linali ndi zipsera za mapoto ndi nyali ngati lapulumuka ku moto. Sindikanalola munthu wa ku Boma adyerepo lili choncho.

M'mawa bambo a kunyumba anatenga ng'ombe kupita nazo ku dibi kukazisambitsa m'mankhwala, ana anapita ku sukulu. Ine ndinatunga madzi maulendo anayi, ndinasesa, ndinaphika mbalagha, nthochi zathu zija zophika pamodzi ndi nyama. Itakwana naini koloko ndi pomwe ndinakumbukira tebulo.

Ndinatambasula mpukutu uja, n'kugwira pakona, n'kukoka pepala lakunsi kamodzi kokha, lonse, monga timasendera nthochi. M'manja mwanga munatsala chinsalu chachitali kuposa ine, mbali ina maluwa, mbali ina yoyera, yomata. Pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti tebulo lili mbuu ndi fumbi la mpunga.

Ndinayang'ana poti ndichiike. Pafupi panali mpando wathu wa nsungwi, wokhala ndi manja, umene timasungira alendo. Ndinachiyala pamenepo, guluu ali m'mwamba kuti asagwire mpando, mchira wake utagwera pansi. Ndinadziona kuti ndine wanzeru.

Ndikufunafuna kansalu kopukutira, ndinamva ndodo ikugogoda pabwalo, kenako chifuwa chimene ndinkachidziwa bwino, cha apongozi anga aamuna.

Apa ndifotokoze, kuti a kumwera amvetse. Ine ndine wa ku Uliwa, koma ndinakwatiwa kwa Ankhonde, ndipo mwambo wa kuno ndi wolimba. Mkazi saonana maso ndi bambo a mwamuna wake. Ukawaona panjira umalowa m'nthochi mpaka adutse. Suyankhula nawo mwachindunji. Dzina lawo sutchula, n'chifukwa chake ngakhale pano sindililemba. Zaka khumi ndi ziwiri ndinausunga mwambo umenewu popanda banga.

Ndinathawira kuchipinda n'kutseka chitseko. Nyumba yathu ili ndi khomo limodzi lotulukira panja, ndipo khomolo lili pabalaza.

Masiku onse apongozi ankakhala panja, pansi pa mtengo wa mango. Koma tsikulo dzuwa la Karonga linauka ndi mkwiyo, ndipo iwo anavala jekete ndi buluku lawo la ulemu, poti masana kunali msonkhano wa chipani. Anaodira kawiri, n'kulowa kufuna mthunzi. Maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga.

"Koma mwana uyu ulemu," ndinawamva akudziyankhulira. "Mpaka kundiyalira nsalu yoyera."

Ndinatsegula pakamwa, koma mwambo unanditseka. Nsungwi zinalira. Anakhala, anatsamira bwinobwino, n'kuika zigongono pa manja a mpando.

Pabalaza panali mphaka wathu. Kuno zikavuta umayankhula ndi chilichonse chili pafupi, winayo n'kumamvera. Zonsezi zinali m'Chinkhonde, koma ndilemba m'Chichewa chimene ndinaphunzira kulemba.

"Iwe mphaka," anayamba apongozi, "mwana wanga wapita kuti?"

"Mphaka iwe," ndinayankha ndili kuseri kwa chitseko, "uwauze agogo ako kuti wapita ku dibi. Abwera madzulo."

"Chabwino mphaka, ndipita. Ndimangodutsa."

Mtima wanga unakhala pansi. Kenako ndinamva phokoso ngati munthu akung'amba chikopa, miyendo ya mpando ikukhukhuluzika pansi, ndi munthu akugwera pomwe anachoka. Anayesanso. Mpando unanyamuka nawo limodzi, n'kubwerera nawo limodzi. Kutentha kuja kunali kutafewetsa guluu, ndipo m'mene ankadzigwedeza m'mbali mwa pepala munakulunga nsungwi.



"Mphaka," anatero ndi mawu otsika, "mpandowu wandigwira."

"Mphaka, uwauze asaope. Ndi pepala chabe, la guluu."

"Mphaka, ine ndagwira ntchito ku migodi zaka zisanu ndi zitatu. Mapepala ndawaona. Pepala siligwira munthu wamkulu. Ndinadziwa kuti nkhani ya malire a munda ija sinathe. Anditchera, ndipo atchera m'nyumba ya mwana wanga kuti ndisaganizire."

"Mphaka, palibe watchera. Pepalalo ndalitenga kwa anesi."

"Ndiye kuti mphaka, alowetsamo ndi achipatala omwe. Sindisuntha pano mpaka mwana wanga abwere akaitane wodziwa kutsirika."

Madzulo! Ndipo nthawi yomweyo kutali ndinamva njinga yamoto ikubwera.

Ndinaganiza mofulumira, ndipo ine ndikaganiza mofulumira zinthu zimaipiraipira.

"Mphaka, uwauze agogo ako kuti akavula jekete ndi buluku atulukamo bwinobwino."

Ngakhale nkhuku panja zinasiya kulira.

"Mphaka," anatero apongozi patapita nthawi, "iwe sunamve zimenezo. Inenso sindinamve."

Mphakayo anadzitambasula, n'kutuluka panja. Tinatsala opanda mkhalapakati.

Chitsulo cha ku tchalitchi chinalira koyamba. Ndinakwera pabedi kuyesa zenera. Mazenera a nyumba zathu amawamangira mphepo, osati amayi a ana asanu. Mutu unatuluka, mapewa anatuluka, zotsalazo zinakana. Ndili lende choncho ndinaona anzanga a m'kalasi akudutsa kumsewu, atavala madiresi a Lamulungu, makope ali m'khwapa. Ndinabwerera m'kati nditasupuka m'nthiti.

"Iwe nyali," anayamba apongozi, atapeza mkhalapakati watsopano pa shelefu, "kuchipindako kukugwa chiyani?"

"Nyali, uwauze kuti kuli mayeso, ndipo munthu akufuna njira."

"Nyali, njira ndi yomweyi. Ine sindinaitseke mwadala."

Chitsulo chinalira kachiwiri. Chachitatu chikalira a Mhango amatseka chitseko. Ndinaona chaka china chathunthu cha a, e, i, o, u chikundiyembekeza, ndili pakati pa atsikana ongokwatiwa kumene. Ayi.

Pakona panali dengu lalikulu losungiramo nyemba. Ndinakhuthulira nyemba pabedi, ndinalowetsa pensulo mu duku, n'kudzivundikira dengulo kumutu mpaka m'mapewa. Mwambo umaletsa kuona. Sunanenepo za kukwawa.

"Nyali, uwauze atsinzine. Kukudutsa dengu."

"Nyali, ndatsinzina kale."

Ndinatuluka chokwawa, ndikupapasa khoma. Ndikanafika, khomo linali pafupi, kuwala ndinkakuona m'timabowo ta dengu. Koma bondo langa linaponda mchira wa pepala uja unagwera pansi. Chitenje chinagwidwa. Ndinakoka, mpando unapendekeka, apongozi anafuula dzina la malemu amayi awo. Ndinatembenuka msanga kuti ndiugwire usagwe, ndipo potembenukapo pepala linandizungulira m'chiuno. Ndinatembenukiranso kwina kuti ndimasuke, linagwira ndi bulauzi yomwe.

Pomaliza ndinapezeka nditakhala pansi, msana wanga utamatirira kumbuyo kwa mpando, apongozi ali pamwamba. Anthu awiri amene kwa zaka khumi ndi ziwiri sanapondepo mthunzi umodzi, tsopano ankamvana kupuma.

Apongozi anayamba kuimba nyimbo ya pamaliro, motsitsa.

Umo ndi m'mene a Mhango anatipezera. Anabwera kudzandifuna ataona malo anga ali opanda munthu, ndipo ofesala anawatsatira kuti adzamwe madzi. Ndinaona nsapato zinayi zitaima pakhomo. Palibe inasuntha.

"Mayi," anatero ofesala, munthu wa ku Dedza amene sankadziwa za kuno, "bwanji osayamba mwavula dengulo?"

"Ayi!" tinayankha pamodzi, ine ndi apongozi. Aka kanali koyamba kugwirizana pa chinthu popanda mphaka.

A Mhango anatulutsa lezala losongolera mapensulo. Ankadziluma milomo kuti asaseke.

"NyaMsiska," anatero akudula, "ndinakuuzani kuti mukonzekere mayeso. Sindinati mumange mboni."

Ine anandimasula ndi chigamba chachikulu cha maluwa ofiira chitatsalira kumbuyo. Apongozi zinavuta. Jekete inatuluka yothothoka, koma buluku linasiya mbali yake yofunika kwambiri pampando. Anafunika chofunda, ndipo nsalu yochapa yokha imene inali pachingwe inali chitenje changa cha chipani, chokhala ndi nkhope ya Pulezidenti.

Ndinamva pambuyo pake kuti anayenda nacho mudzi wonse, ndodo ili m'manja, mutu uli m'mwamba. Palibe anayerekeza kuseka, chifukwa masiku amenewo sukanadziwika kuti ukuseka ndani. Atatopa panjira sanathenso kukhala pansi, poopa kukhalira nkhopeyo.

Ine dengu ndinalivulira pa msewu, n'kuthamanga. Ofesala anayang'ana wotchi yake, anayang'ana ine, n'kunena kuti munthu wobwera chonchi sangamubweze. Ndinakhala pa benchi yakutsogolo. Kumbuyo kwanga amayi makumi awiri ankalemba mapewa akugwedezeka, ndipo mmodzi anachita kutuluka kukatsokomola panja. Ndinalemba dzina langa, ndinawerenga ndime yonse osakakamira, masamu ndinaphonya imodzi. Ndinakhoza.

Patatha sabata akuluakulu a banja anakhala pansi. Bambo a kunyumba anandiyankhulira, ine ndili kuseri kwa nkhokwe. Anati mkazi wawo sanaone nkhope ya apongozi, dengu ndi mboni. Akuluakulu anavomera kuti maso sanalakwe. Koma anati chiyambire makolo sanamvepo mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana, atamatirira kwa apongozi ake, ndipo mlandu wachilendo sungathe ndi nkhuku.

Anatenga mbuzi yanga yaikazi, yonenepa, imene ndinailera kuyambira ili kamwana. Anaipha tsiku lomwelo kuti banja liyanjane. Wophika ndinali ine, ndipo poti apongozi anakhala pabwalo mpaka mphika utatha, sindinathe kutuluka m'khitchini kukalandira ngakhale fupa.

Anzanga setifiketi anaipeza ndi pensulo. Yanga ndinaigula ndi mbuzi yathunthu.

Munthu akamati "kenako", dikirani amalize.