Katoni ya Sopo pa Chinkhoswe cha Esinati

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, cha m'ma seveni koloko m'mawa, pamene ndinatuluka m'nyumba mwanga ku Balaka nditanyamula katoni. Mpaka lero ana a kumudzi kwa achemwali anga akandiona amalira ngati tambala, n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Ndifotokoze mmene zinakhalira.

Mwana wa achemwali angawo, Esinati, anali ndi chinkhoswe tsikulo kumudzi kwawo, kupitirira Liwonde pang'ono, njira ya ku Ntaja. Ine monga malume wake ndinali nkhoswe ya kuchikazi. Pa mwambowu akuchimuna amapereka tambala, ife timabweza msoti, ndipo ankhoswe tikasinthana nkhukuzo ndiye kuti ukwati tauvomera. Tsono nkhuku za achemwali zinali zitatha ndi chitopa. Ndinawauza kuti asavutike, msoti uchokera m'khola langa.

Ndinausankha ndekha, woyera, wonenepa bwino. Ndinaboola katoni ya sopo kuti uzipuma, n'kumanga ndi chingwe. (Ndine munthu wosamala. Loko wa pakhomo ndimamukoka kaye ndisanachoke, kenako n'kubwerera kukamukokanso.) Mayi a kunyumba anali atatsogola dzulo lake kukathandiza kuphika, ndipo pochoka anati, "Inu ntchito yanu ndi imodzi basi. Nkhuku."

M'minibasi kondakitala anakankhira katoni yanga pansi pa mpando wa kumbuyo, pomwe panali katundu wina. Pambali panga panakhala bambo wina wa chipewa, akuwerenga nyuzipepala ya Chingerezi. Tisanafike patali anaiwomba ndi chala.

"Atolankhani a masiku ano Chizungu sachidziwa," anatero, osayang'ana aliyense. "Akuti anthu othawa madzi osefukira anawachita *put up* m'kalasi. Munthu n'kumumanga ngati nyumba? Mawuwa tanthauzo lake ndi kumanga basi."

Ine sindiyankhula m'galimoto. Anzanga amadziwa kuti ndikhoza kuchoka ku Balaka mpaka ku Zomba ndi moni yekha. Koma Chingerezi ndi phunziro lokhalo limene ndinakhoza bwino ku sekondale, ndipo munthu akaliponda ndimamva ngati waponda chala changa.

"Pepani bambo," ndinatero. "Olembawo sanalakwe. Mawuwo amatanthauzanso kumupatsa mlendo pogona. Mnzake wa mawuwo ndi *accommodate*."

"Munaphunzira kuti inu?"

"Kumene ankaphunzitsa. Amatanthauzanso kupachika chinthu pakhoma. Kukweza mtengo wa katundu. Kuimika dzanja m'mwamba. Mukawonjezera *with* ndiye kupirira munthu wotopetsa."

"Iyayi! Mukawonjezera mawu ndiye kuti ndi mawu ena amenewo. Musabere."

Mayi wina wa kutsogolo anatembenuka nati, "Azibambo inu, pirirananitu m'Chichewa, ife tigoneko." Sitinamumve. Tinadutsa pa mlatho wa Shire ndisanaone madzi ngakhale pang'ono.

Pa Liwonde ndinatsika ndikuyankhulabe. Bamboyo ankapitirira, choncho ndinaima pawindo n'kumamalizitsa mfundo yanga, dzanja lina nditatambasulira kumbuyo. Kondakitala anaikamo katoni. Inali ya sopo, yoboolaboola, yomanga ndi chingwe. Minibasi ikunyamuka bamboyo anatulutsa mutu nakuwa kuti, "Mukaone m'dikishonale!" Ine ndinakuwanso kuti, "Mukaone ndinu!"

Pa kabaza katoniyo inkalemera, koma ndinangodziyamikira kuti nkhuku zanga ndimazidyetsa bwino. Panjira munamveka kukhosomola mkatimo.

"Akulu, msoti wanuwu uli ndi mawu a besi," anatero wakabaza.

Ndinali nditangokumbukira tanthauzo lina limene sindinamuuze wachipewa uja, ndipo mtima unkandiwawa.

Ndinafika mochedwa. Akuchimuna, anthu a ku Chiuta, anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, ndipo Esinati anali atamufunditsa kale chitenje kumutu. Nkhoswe yawo inali a Likaka, bambo wamtali wogulitsa nsomba zouma. Zopatsana malichero, mithiko ndi makasu zinayenda bwino. Itakwana nthawi ya nkhuku a Likaka anaimirira ndi tambala wawo wakuda. Inenso ndinaimirira, ndinamasula chingwe maso ali kwa anthu, ndikunena kuti mwana wathu ndi wofatsa ngati nkhuku imene ndikupereka iyi. Ndinapisa dzanja.

Chimene chinatuluka chinali chofiira, chamchira wautali. Chinandipulumuka, chinakupiza mapiko, n'kulira kokoliriko mudzi wonse kumva. Kenako chinaona tambala wakuda uja. A Likaka anayesa kumukweza wawoyo m'mwamba, koma mochedwa. Nthenga zinali mbwee, amayi a nthungululu anabalalika ndi mikeka yawo.

Anyamata anawalekanitsa. A Likaka anasasa jekete lawo nati, "Anzathu, ife tabwera kudzapempha mkazi. Mwamuna tili naye kale."

Ena anaseka, koma azakhali ake a mkwati sanaseke. Anaimirira n'kumanga chitenje. "Tamva," anatero. "Akutiuza kuti m'nyumba ya mwana wathu muzilira atambala awiri. Tiyeni tizipita dzuwa lisanatenthe."

Achemwali anga anagwira pakamwa. Ndinayang'ana Esinati, chitenje chake chikugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti ndamuliza mwana pa tsiku lake. Ndinagwada pa fumbi ndi suti yanga ya kutchalitchi, n'kufotokoza zonse: katoni, minibasi, bambo wa chipewa.

"Ndiye mumakangana chiyani chofika poiwala nkhuku ya chinkhoswe?" anafunsa azakhaliwo. "Munda?"

"Iyayi, mayi. Mawu a Chingerezi."

"Mawu ake otani?" anafunsa a Likaka.

Ndikuvomera kuti ndinatsegula pakamwa, chala chimodzi nditaimika kale kuti ndiyambe kuwerenga matanthauzo. Pomwepo ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Tsitsani chalacho."

Anali mayi a kunyumba. Pamene ine ndinkagwada iwo anali atathamangira kwa aneba, ndipo m'manja mwawo munali nkhuku yaikazi ya kameta, khosi lopanda nthenga, yowonda ngati yadwala chaka chonse. Azakhali aja anaitembenuza uku ndi uku, anaiyang'ana pansi pa mchira, kenako anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. "Yonyansa, koma ndi yaikazi," anatero. Tinasinthana, nthungululu zinalira, ng'oma zinayamba.

Madzulo ndinapita kukapepesa kwa Esinati. Anati, "Amalume, sindimalira ine. Ndimadziluma lilime kuti apongozi asandimve ndikuseka." Ukwati wawo ulipo mpaka lero, ndipo kameta uja ndikumva kuti anaswa anapiye ambiri ku Chiuta.

M'mawa mwake ndinadzuka molawirira, ndinabwezera tambala wofiira uja m'katoni yake, n'kuuza mayi a kunyumba kuti ndikupita pa depoti ya Liwonde kukafunsa makondakitala za mwini wake. Chinthu cha eni chiyenera kubwerera, ndipo ndinkakhulupirira kuti mwini wakeyo ndi wachipewa uja. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuthumba la jekete.

"Nanga chatupa m'thumbamo n'chiyani?"

Inali dikishonale ya Esinati ya kusukulu. Tsamba lake ndinali nditalipinda kale.