Atakhuta Anandiyalutsa kwa Apongozi ku Bangwe

Mukamva munthu akutchula mawu amene simukuwadziwa, chonde funsani. Ine sindinafunse, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mkazi ndisanamukwatire n'komwe, chifukwa cha munthu woti kulibe, wokhala m'kati mwa gemu.

Nthawi imeneyo n'kuti ndangobwera kumene mu Blantyre kuchokera kwathu ku Kasungu. Ine ndi mnzanga Yusufu tinali ndi kashopu ku Ndirande. Anthu ankabwera kudzasewera magemu pa kanema, ena kudzabenetsa nyimbo ndi mafilimu pa kompyuta. Magetsi akathima tinkasamukira pakhonde la babashopu yoyandikana nafe, n'kumamvera mabodza a anthu odikira kumeta.

Pa anthu amenewo panali mdala wina wamtali, woonda, wa jekete yabulauni imene sankaivula ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Ankabwera pa njinga kudzagula masipeya mumsika, miyendo ya buluku ataipana ndi mapegi oyanikira zovala kuti isakodwe mu tcheni. Dzina lake sindinkalidziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti chilichonse chimene mungatchule, mdalayo analipo. Mukati mlatho wakuti unakokoloka, iye ankati, "Ndinalipo." Mukati timu yakuti inachinya chigoli chokoma, iye ankati, "Ndinali kuseri kwa golo." Tsiku lina anatsika mtsetse wa kumsika pa liwiro, n'kukadziwombetsa pa matumba a makala. Anadzuka ali bii, anasasa jekete, n'kuuza ogulitsa makalawo kuti, "Musadandaule, ndimayesa mabuleki."

Koma amene ankandipha ine ndi mawu amodzi. Akamaliza kumumeta, mdalayo ankagwira mutu n'kunena mokoka, mawu akutulukira m'mphuno, "Taaakhuta." Wina akamusiyira mpando, "Taaakhuta." Kwathu ku Kasungu munthu amati takhuta akadya n'kusamba m'manja. Ndiye ndinkangodzifunsa kuti kodi mdala ameneyu amakhuta bwanji lumo? Ndinangoti mwina mutu wake uli ndi waya wina womasuka. (Yusufu anabadwira mu Blantyre momwemo ndipo tanthauzo ankalidziwa bwinobwino. Mpaka lero amati ankayesa kuti nthabwala yake ndi imeneyo.)

Panali gemu ina imene inkadzaza shopu. Umayendetsa chimunthu cha vesiti yoyera m'tauni ya kunja, ndipo ntchito yake ndi kulanda magalimoto, kumenya anthu ndi kuthawa apolisi. Tsiku lina lopanda makasitomala ndinachikweza njinga chimunthucho, n'kuyamba kuchilankhulira ndi mawu a mdala uja. Chitawomba mtengo ndinati, "Ndimayesa mabuleki." Yusufu anagwa pampando ndi phwete. Atadzuka anati, "Aise, bwereza, ndijambule." Umu ndi mmene anabadwira Atakhuta.

Ndikuuzeni za Atakhuta, poti ngakhale anandiyalutsa ndimawakondabe. Amene anapanga gemuyo ankafuna chigawenga, koma ife tinapanga njonda. Atakhuta sankaba galimoto, ankati galimoto imafooketsa miyendo. Ankapereka moni kwa aliyense, ngakhale apolisi owathamangitsa: "Mwaswera bwanji abwana, kunyumba ali bwanji?" Anali odzitama koopsa koma amantha ngati nkhuku. Ankalonjeza kuti lero tauni yonse iwadziwa, kenako n'kuthawa kagalu. Sankavomera kugwa, sankavomera kusochera (ankati akuyendera malo), ndipo gawo lililonse linkatha chimodzimodzi. Wina ankawaphika zibakera mpaka kugona chagada pamsewu, iwo n'kunena mwaulemu, "Taaakhuta."

Magawowo anayamba kuyenda okha, foni ndi foni, pa bulutufu ndi pa mamemore khadi. Tsiku lina pa Kameza ndinaona munthu atagwa ndi njinga yodzaza ndi nzimbe, makondakitala onse n'kuyankhira pamodzi kuti amayesa mabuleki. Ndinamva kukoma mpaka m'mafupa. Nkhope yanga palibe ankaidziwa, koma mawu anga anali atafika kutali kuposa mwini wake.

Apa m'pamene akulowera Rozina. Ankasoka zovala ku Zingwangwa, ndipo ndinamudziwa nditakamupatsa buluku loti andichepetsere. Ndi mkazi wosaseka zilizonse, ndipo magemu ankati ndi amene akupusitsa anthu. Choncho nditamufunsira ndinangomuuza kuti ndimagwira za makompyuta (si bodza limenelo, kungoti ndinadula mchira). Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi bambo ake aakulu, a Zuze, Asena a ku Nsanje okhala ku Bangwe. Rozina anandiuza mosapsatira kuti a Zuze akakana, iye sangawalumphe. Ndinkamukonda zenizeni mtsikana ameneyu, moti Lamlungu lokaonekera ndinavala taye koyamba m'moyo mwanga.

Titadutsa Limbe mu minibasi, Rozina anayamba kundiphunzitsa.

"Usakakhale pampando asanakuloze. Usakayambe ndiwe kulankhula. Ndipo akakupatsa chinthu ukanene kuti takhuta, akasangalala."

"Ndikakane chakudya kwa apongozi?"

"Iwe, ndani wati ukane? Takhuta ndi zikomo m'Chisena."

Nthawi yonse ija ndinkaseka munthu, n'kuseketsa tauni yathunthu, chifukwa chakuti ankathokoza. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe. Komabe ndinadzitonthoza kuti Asena mu Blantyre ndi ambiri, mdala wa ku babashopu uja ali kutali ndi nkhani zanga.

Titalowa pampanda, chinthu choyamba kuchiona chinali njinga yoyedzamira khoma. Pa handulo pake panali mapegi awiri oyanikira zovala.

Ndinafuna kubwerera, koma Rozina anali atanena kale odi. Pabalaza, pansi pa chithunzi cha Mariya Woyera, panakhala mdala uja, jekete yabulauni ili m'thupi. Anandiyang'ana ngati sanandionepo chiyambire, ine n'kuthokoza mumtima kuti pakhonde paja ndinkakonda kukhala kumbuyo.

"Mwati kwanu ndi ku Kasungu?" anafunsa a Zuze. "Ndinaliko. Msewu uja akuupaka phula ndinalipo."

Ndinaluma lilime. Ndinaliluma zenizeni, mpaka kumva mchere.

"Nanga ntchito?"

"Za makompyuta, bambo."

"Ndimawadziwa. Kompyuta yoyamba kufika pa kampani pathu anaitsitsa ndine."

Mpaka apa ndinali ndikupulumuka. Kenako analowa akazi awo, mayi aakulu a Rozina, mayi ojintcha a nkhope yoseka, atanyamula jagi ndi beseni. Anagwada n'kundithira madzi m'manja. Rozina ali pakhomo la kukhitchini anandikodola ndi diso kuti nthawi yake ndi ino.

Abale anga, pakamwa pali ngati njinga, pamapita kumene panazolowera. Mawu amenewo ndinali nditawatchula kambirimbiri, koma nthawi zonse m'njira imodzi yokha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndithokoze mwaulemu ngati mkamwini wolongosoka, ndipo chimene chinatuluka, chokoka, chodzera m'mphuno, chinali, "Taaakhuta."

Madzi anasiya kutsika. Mayi aja anandiyang'anitsitsa, jagi ili m'malere.

"Tabwerezani, bambo."

"Ndimati zikomo, mayi."

"Ayi, mmene munanenera muja." Anaika jagi pansi n'kugwira pakamwa. "Mayo ine, ndi inu. Rozina, mwana iwe, watibweretsera Atakhuta m'nyumba!"

Sindinkadziwa kuti mayiwo anali ndi magawo onse mu foni, ndipo amayi a kumphakati akamaliza mapemphero ankatsalira kuti aonere. Ndisanapeze bodza loyenera, anali atamasula kale foni pa mfundo ya chitenje n'kuiika m'manja mwa amuna awo. Rozina anayandikira kuti aone nawo. Ine ndinkangoyang'ana pazenera kuti ndione ngati munthu wa taye angakwanepo.

Anasankha gawo limene Atakhuta amauza apolisi kuti mzindawo ukumangidwa analipo, kenako n'kugwera mumtsinje ndi njinga yomwe. Mawu a a Zuze, ochokera pakamwa panga, anadzaza pabalaza pa a Zuze. "Ndimayesa mabuleki." Mayi aja ankapukuta misozi ya phwete. Rozina sankaseka. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti wamva zonse: za makompyuta anga, ndiponso amene ndinkawatengera. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo, ndipo ndinachita mantha kuti basi, mkazi uja wapita.

Gawolo litatha, a Zuze anabweza foni modekha.

"Munthu ameneyu ali ndi khalidwe," anatero. "Saba, amapereka moni, amathokoza. Kungoti ndi wabodza. Ndamuzindikira, ndi a Fole a kuseri kwa tchalitchi. Kudzitama kwake ndi komweko."

Akazi awo anathawira kukhitchini, ndipo tinkawamva akutsokomola kumeneko. Ine ndinangoti, "N'kutheka, bambo." Mpunga wa nkhuku umene unabwera sindikudziwa mmene unkakomera. Za ukwati mdalayo sanatchule ngakhale liwu limodzi.

Potsanzikana anati andiperekeza yekha, Rozina atsale athandize mayi ake. Anapana buluku ndi mapegi aja n'kumakankha njinga, ine ndili pambali ngati mbuzi yopita kumsika. Tinayenda mpaka pamwamba pa chitunda, pamene msewu umayamba kutsetserekera ku siteji. Pamenepo anaima.

"Iwe," anatero, ndipo aka kanali koyamba kusiya kunditchula kuti inu, "unkakhala kumbuyo, pafupi ndi chidebe cha madzi. Ukuyesa munthu wometedwa saona pagalasi?"

Ndinayamba kupepesa, mawu akugundana okhaokha. Ndinawauza kuti sindinkadziwa tanthauzo la takhuta, kuti ndinali mbuli chabe ya ku Kasungu.

"Ndinabwera mu tauni muno ndili ngati iwe," anandidula. "Ndikatsegula pakamwa anthu ankaseka. Anzanga ena anasiyiratu chilankhulo chathu kuti asamadziwike kwawo. Ine ndinati zina zonse ndisiya, koma pothokoza ndizithokoza ngati mmene anandiphunzitsira mayi anga. Zinandiwawa, usaganize kuti sizinandiwawe, nditamva makondakitala akukuwa mawu amenewo posekana. Koma tsiku lina ndinamva Mchewa weniweni akuuza wogulitsa tomato kuti takhuta, ndipo ankatanthauza zikomo. Ndinati kaya, mwina chitsiru chimenechi chagwira ntchito ya Mulungu osadziwa."

Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire, ndiye ndinangoyang'ana tcheni cha njinga.

"Munthu wako uja wamenyedwa mokwanira," anapitiriza. "Tsiku limodzi akafike kwawo ndi njinga yathunthu. Ndipo umupezere mkazi, munthu wamkulu sangamangozungulira tauni. Ankhoswe ako uwauze abwere, tidzakambirane. Koma Rozina ukadzamunamizanso za ntchito, udzandidziwa."

"Zikomo kwambiri, bambo."

"Nena bwino."

Ndinaitana mawu anga enieni a ku Kasungu, n'kunena pang'onopang'ono, "Takhuta, bambo."

Anagwedeza mutu, anakwera njinga, n'kuti atsogole akandiimitsire minibasi, poti makondakitala onse a pa siteji imeneyo anawaphunzitsa ntchito ndi iwo. Anatsika mtsetse uja jekete ikuuluka. Ndinaona miyendo ikuchoka pa mapedulo, zidendene zikukhula fumbi, kenako munthu ndi njinga n'kulowa mumpanda wa maluwa wa nyumba ina.

Ndinathamanga, taye ili paphewa. Ndinawapeza ali chagada, tayala lakutsogolo likuzungulirabe. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana, ndipo tonse tinkadziwa mawu amene amayenera kubwera pamenepo. Sanawanene. Anangotambasula dzanja, ine n'kuwadzutsa, n'kuwachotsa masamba pa jekete.

"Takhuta, mwana wanga," anatero, motsitsa, osakoka.

Rozina anandikwiyira ndithu, ndipo buluku lina limene ndinamupatsa nthawi imeneyo analichepetsa dala mpaka kulekeza m'maondo. Koma ankhoswe anapita ku Bangwe, ndipo tinakwatirana. Atakhuta nawo anafika kwawo ndi njinga yathunthu, n'kupeza mkazi wojintcha woseka chilichonse. Paukwati wathu a Zuze anauza alendo kuti tsiku limene Atakhuta ankayambika iwo analipo, ndipo kwa nthawi yoyamba sankanama.

Pokwera minibasi tsiku lija ndinalumbira kuti sindidzatengeranso munthu wamoyo, makamaka apongozi. Koma mpanda wa maluwa uja unali wabwino kwambiri, ndipo mu gemu muja munali wofanana nawo ndendende. Gawo limenelo mayi aakulu amati ndi limene amalikonda kuposa onse. A Zuze amati akudabwa kuti a Fole anagwera liti m'maluwa iwo osamva.