Nkhope ya mu Filiji ya Esinati

Anthu inu, nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo wamanyaziyo ndine ndemwe. Koma ndikapanda kuinena ndekha, mayi Jere aithira mchere wambiri, ndiye bola muimve kwa mwiniwake.

Zinayamba Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi kwathu ku Peckham, kuno kwa azungu. Mayi Jere, anzathu a m'bungwe la amayi, anandikokera pakona.

"Amake Chisomo, musauze munthu. Esinati amasunga nkhope za anthu mu filiji."

"Nkhope?"

"Ndaiona ndi maso angawa! Ndimafuna madzi ozizira, kungotsegula filiji, ili pa sosala. Yoyera mbuu, yonyowa, m'maso muli mabowo, kukamwa yasa! Akuti amakazitenga ku New Malden, kwa ma Korea."

Ine si munthu wongokhulupirira zilizonse ayi. Koma taganizani. Esinati ndi ine tinabadwa chaka chimodzi, tonse timanyamula nkhalamba ku care home. Ine nkhope ngati chikwama cha mu charity shop, mnzanga see ngati mtsikana wa Sitandade 8. Komabe sindinauze munthu. Ndinangoimbira anthu anayi kuti amupempherere.

Lachinayi foni inalira. Esinati!

"Asisi, ndamva kuti nkhope yanga ikukusowetsani mtendere. Loweruka tipitire limodzi ku New Malden mukadzionere nokha. Yanuyonso ikufunika."

Yanganso ikufunika! Ndinafuna kukana. Koma kukana kukanakhala kuvomera kuti wofalitsa ndine. Ndinalemba kapepala n'kukasiya mu Baibulo: "Mukandisowa, funsani Esinati."

Loweruka m'mawa tinakwera sitima pa Waterloo. Mnzanga nkhani zili pakamwa, ine ndagwira handbag ndi manja awiri.

"Kale kumeneku kunalibe zonsezi," akutero Esinati. "Ma Korea aja anabwera ochepa, ndi ntchito za makampani akwawo. Wina n'kutsegula golosale, wina malo odyera, wina saluni, basi abale kumaitanana. Ngati mmene anachitira ma Nigeria ku Peckham kwathu kuja."

"Ndiye alipo ambiri?"

"Msewu wonse, asisi!"

Mumtima ndinati: msewu wonse, wondilanditsa palibe.

Titatsika, zikwangwani zonse zilembo zake timizere ndi timawilo, osawerengeka. Ngakhale nditathawa n'kukauza apolisi, ndikanati anandigwirira mu shopu yanji? Tinayamba talowa mu golosale. Matumba a mpunga mpaka kudenga, tinsomba touma ngati usipa weniweni moti mtima unayamba kutsika pang'ono. Esinati anagula botolo lalikulu la kabichi wofiira ndi tsabola, yemwe amati kimchi, n'kundipatsa kuti ndimunyamulire.

Kenako tinakhotera m'kashopu kena kowala, kuseri kwa saluni. Munali mayi wina wamfupi, womwetulira, nkhope yake yosalala ngati dzira. Anamuhaga Esinati ngati m'bale wake. Ine anangondigwira chibwano, kutembenuzira uku, kutembenuzira uko, ngati munthu wogula mbuzi pa msika.

"Ohh, dead skin! Too much dead. We take off."

Chizungu changa n'cha ku pulayimale, koma dead ndimamva, take off ndimamvanso.

"Esinati, akuti achotsa chiyani?"

"Khungu lakalelo, asisi. Sizipweteka."

Mayi uja anatulutsa kapaketi pansi pa kauntala. Chithunzi chake: nkhope yoyera mbuu, m'maso mabowo, kukamwa yasa. Ndendende mmene ananenera mayi Jere! Anakaika m'dzanja langa ndi manja awiri, n'kuwerama mwaulemu.

"This one for you. Service."

"Service? Whose service?"

"Your service! Today!"

Abale, ku care home kwathu akangoti service ya uje ndi Lachiwiri, ndiye kuti bokosi agula kale. Tsono yanga akuti today! Ngakhale abusa sanauzidwe!

"Toilet!" ndinakuwa, n'kuponya kapaketi kaja pa kauntala, n'kutuluka liwiro, botolo la kabichi lili m'khwapa. Ndinakaima pa bus stop ndikunena Salimo 23 mosokoneza ndi Atate Wathu. Esinati anandipeza pomwepo.

"Mwatani asisi, m'mimba? Mwaiwala service yanu." N'kuponya kapaketi kaja mu handbag yanga. "Tiyeni kunyumba ndikakuchiteni ndekha. Mphindi twente basi, mungogona chagada. Abambo ali ku shift, tikhala awiriwiri."

Awiriwiri!

Njira yonse yobwerera ndinkayang'ana zitseko za sitima. Koma mukudziwa ulemu wathu a Malawi: munthu akukutengera kophedwa, iwe n'kumati "zikomo, musavutike". Ndinakwera masitepe a ku flat kwake cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa lili phwee, ine thukuta kamukamu.

Esinati anatsegula chitseko n'kundikankhira kutsogolo. "Lowani, ndinu alendo."

Pa sofa panadzuka chinthu. Chachitali, chovala vesiti ndi kabudula, remote ili m'manja. Nkhope yoyera mbuu, yonyowa, madzi akudontha pachibwano, m'mabowo muja maso awiri akuphethira. Chinayankhula milomo osagwedezeka.

"Mwabwera msanga bwanji?"

"Mwazi wa Yesu!"

Botolo lija sindikudziwa kuti linachoka bwanji m'khwapa. Ndinangomva phwaa pakhoma, chinthu chija chafiira kuyambira kumutu mpaka pa vesiti.

"Magazi! Ndapha mzukwa!"

Masitepe aja ndinatsika atatuatatu. Nsapato imodzi inatsala pa landing, wigi inatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Ndinatulukira pamsewu ndikukuwa, "Help! Face! Face!" Anthu a pa bus stop anangondiyang'ana nkhope yangayi, ndipo gogo wina wachizungu anandipatsa tissue.

Esinati anatsika nsapato yanga ili m'manja, akutsamira khoma, misozi ili mbwembwe ndi kuseka.

"Asisi, bwerani mudzaone mzukwa wanu."

Anachita kundikoka. Titalowa, mzukwa unali utakhala pa sofa, nkhope yake yasendedwa ili pabondo ngati chitumbuwa chonyowa, tsamba la kabichi lili pakhutu. Bambo Mbewe! Amuna ake a Esinati, mkulu wa mpingo, omwe aja anatilalikira mwezi wathawo kuti zodzoladzola za amayi ndi msampha wa Satana!

Nkhope ija ndi pepala chabe, lonyika m'mafuta ofewetsa khungu. Amalisunga mu filiji kuti lizizizira bwino pankhope.

"Nanga service?" ndinafunsa.

"Basela, asisi! Ma Korea akakupatsa chinthu chaulere amati service. Munathawa basela!"

Ine amene, woti sindinasiyepo basela pa msika wa Limbe ngakhale tomato mmodzi wowola!

Kenako Esinati anasiya kuseka, manja m'chiuno, n'kutembenukira kwa amuna ake.

"Bambo, shift ija ndi imeneyi? Miyezi itatu mapaketi anga akutha, ine n'kumaganizira mlamu wanga. Ndinu?"

A Mbewe anayang'ana kapeti. "Ndine, mayi. Kuyambira pa Isitala. Mukangopita ku New Malden."

"Nanga ija anaipeza mayi Jere pa sosala?"

"Inali yanga. Ndinaona kuti ikadali yonyowa, ndiye ndinati kutaya n'kuwononga, ndidzaivalanso mawa."

Esinati anandiyang'ana ine. "Nanga inu asisi, wafalitsa kuti ndine mfiti ndani?"

"Mayi Jere," ndinatero, ndikukolopa kabichi pakhoma mwakhama.

Potuluka, a Mbewe anandiperekeza mpaka pa landing, nkhope ili nyezinyezi ngati ya mkwatibwi, n'kundipempha kuti za pa sofazi ndisauze munthu. Ndipo sindinauze munthu ayi. Inu ndangokuuzani kuti muwapempherere.

Mukatsegula filiji ya eni ake, tengani madzi anuwo n'kutseka.