Masabata atatu ndikukuwira Joisi

Mpaka lero aphunzitsi anzanga akafuna kundiputa amangogwira khutu n'kundiyang'ana. Sindikwiya, chifukwa ndinaziyamba ndekha.

Ndimaphunzitsa sitandade 1 pasukulu ina cha ku Nselema. Kwathu ndi ku Utale, ku Balaka, ndipo ngakhale ndakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi, pa nthawi ya nkhaniyi Chiyao changa chinkathera pa moni. Ndinkadziuza kuti m'kalasi timalankhula Chichewa, ndiye wovutika akhale mwana, osati ine.

Teremu yachiwiri tinaitanidwa ku TDC, kumalo ophunzitsirako aphunzitsi, kuti tikasulidwe masiku awiri. Tsiku loyamba alangizi a m'dera lathu, mayi wamfupi wosakweza mawu, anatikumbutsa kuti phunziro lililonse liziyenderana ndi silabasi, ndipo mwana aliyense azifika pa zizindikiro za kakhonzedwe zomwe timalemba pamwamba pa chikonzekero cha phunziro. Anatsindika mawu oti aliyense. Tsiku lachiwiri linali la ana otsalira: osaona bwino, a vuto lakumva, ochedwa kugwira zinthu. M'mawa ndinamvetsera. Masana, pomwe ankafotokoza momwe tingawazindikirire anawo, ine ndinali pamsika kusakasaka chubu cha njinga (ndinatsanzika kuti ndikupita kuseri). Ndinabwerera akugawa mapepala oti aliyense alembe dzina la mwana mmodzi wa m'kalasi mwake ndi momwe amuthandizire.

Ndinalemba Joisi, kamtsikana kamene kankakhala pakona kumbuyo, osayankha funso, osaimba nawo, osaseka ngakhale nthabwala zanga. Ndinati ali ndi vuto lakumva. Pepala langa ndinalikometsera mpaka alangizi analiwerenga pamaso pa onse, n'kunena kuti pakatha masabata atatu adzabwera ndi aphunzitsi a sukulu zoyandikana kudzaonera kwa ine. Anthu anaomba m'manja. Njinga tsiku limenelo ndinaipalasa ngati ya moto.

Lolemba ndinafufuza mwa njira yangayanga. Ndinaima kumbuyo kwake n'kuitana, "Joisi!" Zii. Ndinabwereza katatu. Anzake anacheuka, iye anangopitiriza kujambula pansi ndi chala. Umboni wina ndikanaufuniranji?

Ndinamusamutsira kutsogolo, pafupi ndi mapazi anga. Chilichonse ndikauza kalasi, ndinkawerama n'kuchibwereza kukhutu kwake ndi mawu anga onse, kukamwa kuli yasaa kuti aziona milomo. Ndinapekanso zizindikiro za manja (zina mwa izo ine mwini ndinkaziiwala pofika mawa lake). Sabata yachiwiri mwanayo anayamba kutseka makutu ndi manja ndikamamuyandikira. Ndinalemba m'kope langa kuti makutu ayamba kumuwawa.

Ahedi anandiitana. "Aphunzitsi, a sitandade 8 akudandaula kuti akuphunzira nawo za sitandade 1."

"Ndi njira zamakono zimenezo, ahedi," ndinatero. Iwo ku maphunziro aja sanapite, ndiye anangogwedeza mutu.

Apa ndikanalekera pomwepo. Koma ndinalemba kalata kwa makolo, yonena kuti mwana wawo samva, kuti tsiku lakuti kubwera akuluakulu kudzamuona, ndipo kuti mwina adzafunika kupita kusukulu yogonera komweko ya ana a vuto lakumva. Kalatayo ndinaipinda bwinobwino n'kumuikira m'thumba la yunifolomu. Ndinali wokhutira kwambiri.

Tsiku lija linafika. Alendo anandanda kukhoma ndi makope awo. Phunziro linali lowerenga timiyala kufika tisanu. Kalasi inawerenga, kenako ndinalengeza kuti tsopano aone momwe timathandizira mnzathu wa vuto lapadera. Ndinagwada, ndinakoka mpweya, n'kukuwa, "Joisi! Kamodzi! Tiwiri!" Mwanayo anatseka makutu, misozi ili mbwembwembwe.

Alangizi anakweza dzanja kuti ndiime kaye. Anabwera n'kukhala pansi pafupi naye, osasamala za fumbi, ndipo anamunong'oneza m'Chiyao. Kunong'oneza kwenikweni, moti ine amene ndinali pomwepo sindinamve bwino. Mwanayo anayankha. Anacheza pang'ono, kenako mwanayo anakoka timiyala tija n'kuyamba kuwerenga m'Chiyao, mawu ali poyera. Ndinangogwirapo "mcheche" ndi "msano". Timiyala take titatha anatenga ta mnzake n'kupitiriza mpaka khumi.

"Akuti dzina lake ndi Asiyatu," anatero alangizi.

"M'kaundula muli Joisi, mayi."

"Mwina. Koma iyeyu Joisi sakumudziwa. Wakulira kwa agogo ake kufupi ndi malire a dziko, wabwera kuno chaka chino, ndipo Chichewa wangoyamba kumene kuchitola. Akuti wakhala akudabwa kuti Joisiyo analakwa chiyani, nanga bwanji mukamamukalipira mumadzakuwira m'khutu mwa iyeyu."

Mphunzitsi wina kukhoma kuja anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe, mpaka anatuluka panja.

Ndikuganiza zoti ndinene, pakhomo panaima anthu awiri: mayi ake a mwanayo ndi amalume ake, kalata yanga ili m'manja. Amalumewo ndi amene analankhula.

"Aphunzitsi, pepani, ife sitinapite patali ndi sukulu. Koma mwana ameneyu amamva pepala la switi likamatsegulidwa iye ali kuchitsime. Kusamvako kwayamba liti?"

Alangizi anawafunsa za dzina. Amalumewo anati dzina la Joisi analembetsa ndi iwo, poganiza kuti kusukulu kumafunika dzina la kusukulu.

"Mwanayo munamuuza?"

"Iyayi, zimenezo ndinaiwala."

Anthu anaseka, inenso ndinayesa kuseka nawo poona kuti mlandu tagawana. Ndiye ndinaona zomwe mayi aja ananyamula. Kanali kamtolo komanga ndi chitenje, ndipo pakona pake pankaoneka madiresi awiri ndi kajumbo ka mtedza wokazinga. Anafunsa funso limodzi m'Chiyao, motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Akufunsa ngati galimoto yodzatenga mwana ibwere lero lomwe," anamasulira alangizi. "Akuti chiwawerengereni kalatayi sakudya."

Apa kuseka kunatha. Ndachitapo manyazi kambirimbiri pa moyo wanga, koma awa anali a mtundu wina, chifukwa munthu amene ndinamuvutitsa sankandikalipira n'komwe. Ndinapempha kalata ija, ndinaing'amba, n'kupepesa. Kupepesako kunachitanso kudzera mwa womasulira, pamudzi pomwe ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi.

Alendo atabalalika, alangizi anandiitanira pansi pa mtengo wa mango. Sanakweze mawu (ndikanakonda akanandikuwira, tikanafanana).

"Masana a tsiku lachiwiri tinanena kuti musanalembe chilichonse chokhudza mwana, kachezeni ndi makolo ake, ndipo mufunse chilankhulo cha kunyumba. Munalipo?"

"Ndinalipo pang'ono, mayi."

"Chubu chija chinakwana?"

Ndinavomera kuti chinakwana. Anandiuza kuti pachikonzekero cha tsikulo ndilembe kuti mwanayo wafika pa chizindikiro, chifukwa timiyala anawerenga, ndipo anapitirira. Za mphunzitsi anati tidzaona ulendo wina.

M'kaundula tsopano muli Asiyatu. Panatenga mwezi wathunthu kuti asiye kukweza manja kumakutu ndikamadutsa pafupi, ndipo mwezi umenewo ndinkayenda m'kalasi ngati munthu wolowa m'tchalitchi mochedwa. Nditafunsa anawo bwinobwino ndinapeza ena anayi omwe Chichewa chinkangowadutsa, koma ankayasamula kukamwa limodzi ndi anzawo kuti ndisawaone.

Masiku ano Asiyatu amalankhula Chichewa chokwanira kunenera anzake akaba choko. Ine Chiyao chikundivutabe. M'mawa uliwonse tisanayambe ndimapempha ana kuti andiphunzitse mawu atatu, ndipo mphunzitsi wanga wamkulu ndi iyeyo. Ndikalakwitsa kamodzi amandikhululukira. Ndikalakwitsa kachiwiri amandikodola kuti ndiwerame, amayandikira kukhutu kwanga, n'kubwereza mawuwo ndi mphamvu zake zonse. Khutu limalira mpaka nthawi yopuma, koma sindingadandaule. Njira imeneyi anaiphunzira kwa ine.