Olitaneta ya Bambo a Mphatso

Lolemba
Makuponi tili nawo, ndawabisa m'Baibulo. Feteleza akuti wafika kudepoti, kwangotsala kukatenga. Ndiye amuna anga, bambo a Mphatso, akutulukira kuchokera ku Chamama atamanga chichitsulo pakaliyala. Akuti ndi olitaneta, achotsa m'pikapu yakufa ya asuweni awo. Akuti m'galimoto injini imakoka lamba, lamba n'kuzunguza cham'kati, magetsi n'kutuluka. Ndikufunsa, nanga injiniyo ili kuti? Akundionetsa ntchafu zawo. Mayo ine!

Lachiwiri
Njinga aimangirira pansanamira za chigafa, kumbuyo kuli m'malere. Tayala achotsa, lamba wadutsa pamkombero. Njinga yomweyo yoti ikanyamule matumba! "Mawa ndibwezera, mayi a Mphatso. Mudzi wonse uzitchajitsa mafoni pano." Akuti kadayinamo ka njinga kakang'ono chonchija kamayatsa, nanji chachikuluchi.
Chaka chatha tinalima opanda feteleza. Febuluwale Mphatso anatupa mapazi ndi njala, tinagona naye kuchipatala. Iwo aiwala. Ine sindinaiwale.

Lachitatu
Zomwe zapita lero:
lamba wa buluku lawo, waduka
chubu, achicheka zingwe zomangira
mawaya a wailesi
mafuta anga ophikira, akuti chikulira m'kati
Apalasa mpaka malaya kuchita kufinya. Babu ili zii.
Chimanga kumunda chayamba chikasu.

Lachinayi
Anzanga akudutsa ndi matumba awo. Mayi a Esinati akukuwa ali pamsewu: "Anzathu, mukudikira chiyani? Feteleza wokulitsa watsala pang'onotu!"
Lero ndikupalasa ndine, bambo a Mphatso akuti miyendo yanga ndi yachangu. Mwana kumsana, ine pachishalo, njinga yosapita kulikonse! Iwo aika waya palilime kuti amve ngati moto ukubwera. Akuti akumva kanthu. Ndi dzimbiri limenelo.

Lachisanu
Aitana a Yusufu, makaniko a ku Santhe. A Yusufu aseka mpaka kukhala pansi. "Achimwene, kadayinamo kali ndi maginito akeake. Ichi mulibe. Batire iyambe yachipatsa moto, chikazungulira ndiye chibweze wambiri. Komanso chimafuna liwiro la injini, osati miyendo ya mgaiwa."
Ndiye kuti upeze magetsi, uyambe wakhala ndi magetsi! Batire tilibe. Ndanena kuti bwezerani tayala pompano. Tayala lilipo. Chubu ndi chija chili zingwezingwe. Ndalowa m'nyumba kuopa kuchimwa.

Loweruka
Ndanyamuka m'mamawa wapansi, Mphatso kumsana. Za kanyamulidwe ka matumba ndati ndikaonera konko. Ndafika dzuwa lili paliwombo, chitseko chotseka. Alonda akuti, "Watha dzulo masana, mayi. Wina sitikudziwa." Ndakhala pakhonde pomwepo, ndayamwitsa mwana, ndamupisa mapazi onse awiri. Ali bwino. Lero ali bwino.
Pobwerera sindinapatse moni munthu.

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, Mulungu andikhululukire. Apongozi andilola kuwola manyowa m'khola la mbuzi zawo. Ndikuthira phando ndi phando, kadzanja kamodzi. Sakwanira munda wonse, ndayambira mizere ya kumunsi komwe chimanga chikuoneka kuti chingamve. Lachitatu ndikayesanso kudepoti.
Bambo a Mphatso akusenza ndowa ya manyowa. Ulendo wachinayi aima, akukanda m'mutu. "Komatu mayi a Mphatso, tikanangobwereka batire ya aphunzitsi..."
Ndawapatsa ndowa yachiwiri.